Ola limodzi pamwamba pa mwala wa ku Trafalgar Square

Mwana wa achemwali anga, amene akuphunzira zaluso ku Cape Town, anandiimbira foni mwezi wathawu mtima uli m'mwamba. Aphunzitsi ake amuuza kuti mayeso a chaka chino si kujambula kapena kuumba ayi, koma akaime pakhomo la nyumba ina yakale kwa maola anayi, osayankhula, osakhala pansi, anthu azingomudutsa. "Amayi aang'ono, paja inu munachitapo zoterezi. Ndiyambire pati?"

Ndinayamba ndaseka, chifukwa kwathu nkhani imeneyi mpaka lero amaikamba ngati nthabwala: tsiku limene amayi aang'ono anakwera pachulu ku London. Koma nditadula foni ndinaona kuti mwanayo sanafunse zocheza, ndipo zimene ndinamuyankha mothamanga zija sizinakwane. Ine si wazaluso. Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba kuno ku Liverpool, ndipo zaka zambiri ndakhala ndikugwira mashifiti a usiku. Koma ndinakhalapo chiboliboli kwa ola limodzi, ndipo pafupifupi zonse zimene ndinakonzekera ndinazikonzekera chadodolido. Ndiye ndati ndilembe, kuti iye ndi ena amene angaitanidwe ku zotere asagwere m'mbuna imene ndinagweramo ine.

Bwalo la Trafalgar Square, ku London, lili ndi nsanja zinayi za miyala, imodzi pangodya iliyonse. Pa zitatu pali ziboliboli: mfumu George IV ali pahatchi, ndi akuluakulu awiri a nkhondo, Napier ndi Havelock. Yachinayi, imene amangoitchula kuti Fourth Plinth, inamangidwa mu 1841 kuti padzakhale mfumu William IV, nayenso pahatchi. Ndalama zinatha chibolibolicho chisanapangidwe. Inde, nawonso azungu zimawathera panjira, si ife tokha a nyumba zothera pawindo. Mwalawo unakhala mbee zaka zoposa 150, mpaka mu 1999 pamene anayamba kuikapo zosema zosinthanasinthana.

Mu 2009 mwayi unagwera wosema wina, Antony Gormley. Dzina limeneli ndinkalidziwa kale chifukwa cha kugombe la Crosby, kufupi ndi kwathu kuno, kumene kuli anthu achitsulo 100 oima mumchenga atayang'ana kunyanja. Onse anawaumba potengera thupi la iye mwini, ndipo madzi akadzaza ena amamira mpaka m'khosi, akaphwa amaonekanso ali chiimire. Ana anga ali aang'ono ankawaveka zipewa. Koma pamwala wa ku London bamboyu sanafune kuikapo chitsulo. Anati pakhale anthu amoyo, mmodzimmodzi, aliyense ola limodzi, usana ndi usiku, mvula kaya dzuwa, kwa masiku 100 osadukiza. Kuyambira pa 6 Julaye mpaka pa 14 Okutobala, anthu 2,400. Ntchitoyo anaitcha One & Other. Amene anapempha malo anaposa 30,000, ndipo kompyuta ndiyo inkachita maere, kugawa malo molingana ndi kuchuluka kwa anthu m'chigawo chilichonse cha dziko la Britain.

Ine ndinalembetsa mwachibwana, pakati pa usiku kuntchito, mnzanga wina atandionetsa nkhaniyo m'nyuzipepala. Ndinaiwalako. Ndiye tsiku lina uthenga uwu: mwasankhidwa, kumapeto kwa Seputembala, 4 koloko m'bandakucha. Bambo a kunyumba anangoti, "Nanga mukakatani pamwambapo?"

Funso limenelo ndi limene linandisocheretsa. Milungu yonse yotsatira ndinaithera pa kuganiza choti ndikachite, ndipo sindinaganizeko ngakhale kamodzi za thupi limene likachite zimenezo. Chaka chimenecho anthu kuno ukangotchula Malawi ankakufunsa za njala, kapena za woimba uja wa ku America amene ankabwera kudzatenga ana. Ndinati ino ndiyo nthawi yowaphunzitsa. Ndinalemba masamba asanu ndi limodzi: za nyanja ndi chambo, za phiri la Mulanje, za tiyi wa ku Thyolo, za anamwino athu amene adzaza m'zipatala za kuno. Ndinasita chitenje changa chatsopano ndi duku lake. Ndinatulutsa nsapato za gogoda zimene ndimavala pa zikwati zokha, poti nanga dziko lonse likandiona. Kuyeserera kwanga konse kunali kuwerenga masambawo mokweza kukhitchini, ndikutakasa ndiwo.

Tinakwera basi yamadzulo mpaka ku depoti ya Victoria ku London, kenaka wapansi. Pambali pa bwalolo anaika kanyumba kongoyembekezera, ndipo mmenemo anandilemba dzina, kundijambula chithunzi, mtsikana wina n'kundifunsa za moyo wanga akujambula mawu. Malamulo anali ochepa: ukwera wekha, utenga zimene ungathe kunyamula wekha, usachite chophwanya lamulo la dziko. Kunja kunali chisanu cholowa m'mafupa, ndiye podikira ndinamwa makapu atatu a tiyi wa m'fulasiki yathu. Atatu. Musaiwale nambala imeneyi.

Nthawi itakwana anandikweza pa chimakina chachikasu cha JCB, chokhala ndi kakhonde kutsogolo. Chimakinacho chinkakweza wolowa n'kutsitsa wotuluka ulendo umodzi. Bambo amene ndinamulowa m'malo anali atagwira kampando kopinda, milomo ili gwa. Podutsana anangondiuza liwu limodzi: mphepo.

Ukakhala pansi mwalawo umaoneka waukulu. Ukaponda pamwamba umazindikira kuti mulitali ungaponde kasanu, mulifupi kawiri, basi watha. Kutalika kwake kuli ngati kuima padenga la nyumba yosanja, kopanda chogwirira chilichonse. M'mbali munali ukonde woti ukuwakhe ukagwa, koma ukondewo ukauyang'ana ndi umene umakukumbutsa zoti ungagwe. Magetsi anali thwanii m'maso, makamera atandiloza, ndipo zonse zinkaoneka pa intaneti nthawi yomweyo. Chimakina chija chinabwerera chambuyo, phokoso lake n'kuzilala. Ndinatsala ndekha.

Dziko lonse lija ndinkaliyembekezera linali ili: bambo a kunyumba atakumbatira fulasiki, alonda awiri, anyamata atatu oledzera atakhala pa masitepe, bambo wosesa, ndi mnyamata ndi mtsikana amene ankadikira basi yausiku. Achimwene anga ku Limbe anali atalonjeza kuti aonera, koma kumudzi inali 5 koloko m'mawa ndipo malo a intaneti olipira anali asanatsegule. Ndinayamba kuwerenga. Mawu anga, amene kutchalitchi amafika kumbuyo popanda chimkuzamawu, pamenepo ankangothera pamphuno panga. Tsamba lachinayi mphepo inalitsomphola m'manja, linakagwera mu ukonde, Thyolo yense n'kupita nalo. Ndinalumphira tsamba lachisanu, ndikuthamanga ngati mwana wolakatula ndakatulo pa tsiku lotsekera sukulu. Nditamaliza ndinakweza maso kuyang'ana wotchi ya pa nsanja ya tchalitchi cha St Martin-in-the-Fields. Inali itangodutsa mphindi 12.

Mphindi 48 zotsala, m'manja mulibe kanthu.

Mmodzi wa anyamata oledzera aja anakuwa kuti ndichitepo kanthu, wina n'kuti ndivine. Ndinayesa kuyambitsa nyimbo ya kumvano, koma nyimbo zathu zimafuna wopolokoza, ndipo ndime yoyamba isanathe ndinadzimvera chisoni n'kusiya. Ndinapinda masamba otsala, kuwalowetsa m'bulauzi, ndi kungoima. Sikuti ndinasankha mwanzeru ayi. Ndinasowa chochita.

Apa ndi pamene thupi linayamba kuyankhula. Zinayamba ndi zala za kumapazi, zitapanikizika kutsogolo kwa gogoda uja. Kenaka akatumba. Chifukwa cha mantha ndinali nditaumitsa maondo ngati msilikali wa pa perete, ndipo posakhalitsa ndinamva chizungulire, magetsi aja akuyamba kusambira. Chimene chinandipulumutsa ndi ntchito yanga. Tsiku lililonse ndimadzutsa agogo pampando, ndipo mawu ake ndi omwewo: musaumitse maondo, tayang'anani kutsogolo osati pansi, pumani pang'onopang'ono. Ndinadziuza ndekha mawu amenewo, m'Chingerezi chomwecho cha kuntchito. Ndinavula nsapato n'kuziika pambali panga bwinobwino ngati pakhomo la eni ake. Mwala unali wozizira ngati madzi a m'mtsuko wa m'mwezi wa Juni, koma mapazi anapeza pogwira. Chitenje chinkakokedwa ndi mphepo ngati chili pachingwe choyanikira, ndiye ndinachimasula ndi kuchimanganso cholimba, cha kumunda osati cha kuukwati. Ndipo tiyi uja anafika. Sindinenapo zambiri, koma aliyense amene anakhalapo pa maliro a mfumu, mlaliki atatalikitsa, iwe uli pakati pa khamu, akudziwa chimene ndikunena.

Cha pakati pa olalo china chake chinasintha, ndipo ichi ndi chimene ndimavutika kufotokoza anthu akamaseka za pachulu. Maganizo anatha. Zoti ndikuoneka bwanji, zoti kwathu adzati chiyani, zonse zinachita ngati zaphwa, n'kutsala maso okha. Ndinayamba kuona bwalolo. Kumbuyo kwanga mizati ya National Gallery, nyumba yosungira zojambula. Patsogolo chiboliboli cha Nelson, mkulu wa nkhondo za panyanja, pa chipilala chake cha mamita oposa 50, atandifulatira, chifukwa iye amayang'ana ku msewu wa Whitehall. Mikango inayi ili phee pansi pake. Kutsidya, pa nsanja yofanana ndendende ndi yanga, mfumu George IV pahatchi yake. Ine ndi iyeyo tinali pa mulingo umodzi, iye wachitsulo chosamva chisanu, ine mayi wa ku Chiradzulu wopanda nsapato, mkodzo utandigwira. Cha uko kunali South Africa House, ofesi ya kazembe wa South Africa, pakhomo pamene anthu anasinthana kuima usana ndi usiku kuyambira 1986 mpaka 1990 kufuna kuti Mandela atulutsidwe. Bwalo limenelo kuima silinayambe kukuona ndi ife.

Ndiye ndinazindikira kuti pansi pali zii. Anyamata aja anali atasiya kukuwa. Sanachoke, anangokhala akuyang'ana. Bambo wosesa uja, amene nthawi yonse ndinkawerenga za chambo sanadzutse mutu, anali ataima, chibwano chili pa mpini wa tsache. Tinayang'anana nthawi yaitali ndithu. Kenaka anakweza dzanja pang'ono, osati kubayibitsa, kungokweza, n'kupitiriza kusesa. Pamene ndinkayankhula palibe amene ankandiona. Anayamba kundiona nditakhala chete.

Kuyambira pamenepo ndimati ndinamvetsa chimene mwalawo unkachita. Nsanja ija anaimangira munthu wamkulu kuposa munthu, wokwera hatchi, woti azioneka kuchokera patali. Ukaikapo munthu weniweni amachepa, amanjenjemera, amasuntha phazi, ndipo wodutsa amaona zonse ziwiri nthawi imodzi: kukula kwa malowo ndi kuchepa kwa thupi. Chosemacho si iwe wekha, komanso si mwala wokha. Ndi iwe, mwala, nyumba zokuzungulira, ndi ola limene likudutsa. Masamba anga aja ankangotchinga. Ena m'nyuzipepala ankanyoza ntchito yonseyi kuti yasanduka bwalo la anthu ofuna kutchuka ndi onyamula zikwangwani zopemphera thandizo, ndipo sindingawatsutse kwenikweni, poti nanenso ndinakwera ndi chikwangwani changa, chongolembedwa pa mapepala. Koma amene ankanyozawo ndikukayika ngati anaimapo pabwalopo 4 koloko m'bandakucha.

Chimakina chitabwera kudzanditenga ndinadabwa kuti mphindi 20 zomaliza zapita kuti. Nditatsika sindinapereke moni kwa aliyense, ndinathamangira kuchimbudzi nsapato zili m'manja.

Mwana wa achemwali anga uja nditamuimbiranso ndinamuuza kuti ayambire kumapazi. Asanaganize za tanthauzo, za chovala, za chimene aphunzitsi akalembe, aime kaye kunyumba ola lathunthu, foni ili chipinda china, wotchi ataitembenuza. Mawa lake maola awiri. Aime pa simenti ngati kumaloko kuli simenti, atavala nsapato zomwezo zimene akavale tsikulo, chifukwa thupi limanama pa mphindi 10 zoyamba, zoona zake limanena pakatha theka la ola. Aphunzire kusamutsa kulemera kwa thupi kuchoka ku chidendene kupita ku zala, kuchoka phazi ili kupita linalo, mosaonetsera, ndi kugwedeza zala m'kati mwa nsapato kuti magazi aziyenda. Maondo akhale omasuka nthawi zonse. Anthu amene amakomoka ataima, kaya pa perete kaya mu kwaya, ambiri amakhala ataumitsa miyendo, magazi n'kudikha kumunsi osabwerera bwino kumutu. Akamva kutentha kwadzidzidzi, thukuta lozizira, kapena makutu kulira, akhale pansi pomwepo. Mayeso amabwerezedwa, mutu ukamenya pa simenti ndi nkhani ina.

Za kudya ndinamuuza zimene ndimachita ndikamalowa shifiti yaitali: phala kapena nsima pang'ono maola awiri nthawi isanakwane, madzi okwanira dzulo lake ndi m'mawa, koma ola lomaliza kungonyowetsa kukhosi. Tiyi ndi khofi ayi. Apite kumaloko tsiku lina pa nthawi yomweyo imene adzaime, akaone kumene dzuwa limagwera ndi kumene mphepo imalowera, popeza pakhomo la nyumba mphepo imadutsa ngati mumpata wa phiri, ndipo ya ku Cape Town ndi yodziwika. Asankhiretu chinthu chimodzi chapatali choti maso azipumirapo. Ndipo akhale ndi munthu wake pafupi, amene agwirizana naye chizindikiro, woti angalowererepo wina akayamba kumugwiragwira kapena kumunyoza mopyola. Munthu ukaima chete pagulu ena amaiwala kuti ndiwe munthu. Ine ndinali pamwamba, ndi alonda pansi. Iye adzakhala pa msinkhu wa aliyense.

Afunsenso za kamera asanavomere: ajambula ndani, zikasungidwa kuti, kwa nthawi yaitali bwanji. Ine sindinafunse. Msuweni wanga wa ku Johannesburg anaonera kanema yense pambuyo pake, ndipo mpaka lero amatha kunena mphindi yeniyeni imene tiyi anayamba kugwira ntchito.

Koma chachikulu chimene ndinamuuza n'choti asadzaze nthawiyo. Adzafuna kutenga kanthu m'manja, kukonza kachitidwe kena ka mphindi iliyonse, poopa kuti anthu atopa naye. Atope. Kutopako ndi khomo lolowera, kwa iye ndi kwa oonerawo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito zoterezi nkhonoyo ndi iwe amene waimawe, wodekha ndi wodutsa uja, koma sangadekhe ngati iwe ukuphiriphitha.

Ine zimenezi ndinadzazitsimikiza mu 2014, pamene ndinapita ku Serpentine Gallery ku London kukaona chionetsero chotchedwa 512 Hours cha Marina Abramović, mayi wazaluso wa ku Belgrade amene mu 2010 anakhala pampando ku MoMA, nyumba yosungira zaluso ku New York, maola oposa 700 akungoyang'anana ndi aliyense wokhala patsogolo pake. Ku Serpentine anakhalako masiku 64, maola 8 pa tsiku, m'zipinda zoyera zopanda chithunzi n'chimodzi chomwe. Pakhomo tinkasiya foni, wotchi ndi zikwama m'makabati. M'kati ena anaima atatsinzina, ena ankayenda pang'onopang'ono ngati akuopa kudzutsa mwana, ena anakhala pa matebulo akulekanitsa mpunga ndi mphodza n'kumawerenga njere. Apo ndinaseka chamumtima: ntchito imene amayi ankatipatsa pa lichero ngati chilango, kuno anthu aima pamzere kuyambira m'mawa kuti aigwire. Komabe ndinakhala pansi n'kuyamba kusankha, ndipo nditatuluka ndinapeza kuti papita maola atatu. Zina za mayiyu ndimaziona ngati zonyanyira, sindibisa. Koma pa nkhani ya kulanda munthu wotchi anadziwa chimene ankachita.

Ku Trafalgar Square sindinabwerereko mpaka kumapeto kwa 2022, ndipo chimene chinandikokera ndi Samson Kambalu, Mmalawi mnzathu amene amaphunzitsa zaluso ku Oxford. Mu Seputembala chaka chimenecho anaika pa mwala womwe uja chosema chake chotchedwa Antelope, chimene chinakhalapo mpaka 2024. Anachitenga pa chithunzi cha mu 1914, chojambulidwa pa tchalitchi chatsopano cha John Chilembwe ku Mbombwe, kwathu ku Chiradzulu, pamene Chilembwe anaima ndi mmishonale wachizungu John Chorley. Pa chithunzicho Chilembwe wavala chipewa, pa nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Chaka chotsatira, mu Januwale 1915, anayambitsa kuukira kuja, mu Febuluwale anaphedwa, tchalitchicho atsamunda n'kuchigwetsa. Kambalu anamukuza Chilembwe mpaka mamita pafupifupi 5, Chorley n'kumusiya pa msinkhu wa munthu wamba. Nkhope imene tinazolowera kuiona pa ndalama, yopindidwa m'kansalu pa mpango wa amayi, inali pamwamba apo, atafulatirana ndi mnzakeyo, mabasi ofiira akudutsa pansi.

Tinapita atatu, ine, bambo a kunyumba ndi mwana wathu wamkazi, amene mu 2009 tinamusiya kwa aneba ali mtulo. Panali Amalawi ena angapo akujambulitsa, wina atafunda mbendera. Ine ndinangoima n'kumayang'ana m'mwamba, khosi mpaka kuwawa. Ndinkadziwa chimene chili pansi pa nsapato zawo abusawo, kuzizira kwake, kufupika kwa m'mphepete, ndi mbali imene mphepo imachokera.

"Amama, inuyo munaima pati?"

Ndinaloza cha pakati, pampata wa pakati pa awiriwo. Mwanayo anayang'ana mwalawo, n'kundiyang'ana ine kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati akundiyeza.

"Ndiye munkaoneka kang'onong'ono bwanji."

"Kwambiri," ndinatero. "Koma chipewa chimenecho chikanakhala chenicheni, sichikanatha mphindi 5 pamenepo."

Bambo a kunyumba, amene nthawi yonseyi anali chete, anatsegula chikwama n'kutulutsa fulasiki yomwe ija, yakale, yopindika pachivindikiro. Anathira kapu imodzi n'kundipatsa. "Imwani," anatero. "Lero akwera ndi abusa."